Mpunga wa Don Teyo

Ku fakitale yathu ya mankhwala ku Barceloneta, katswiri watsopano sankagwira thanki asanawaphikire Don Teyo Quiñones mpunga wa nandolo wokwanira ukwati wonse. Malemuwo anali mkulu wa akatswiri athu. Ntchito yawo inali kutenga mankhwala amene apangidwa m'kabotolo ka mu labu, n'kupeza njira yowapangira m'thanki yaikulu ngati nyumba.

Ndikukumbukira Yaritza, mtsikana wa madigiri ake, ataima pamphika kuseri kwa kantini, maso ali psuu ndi utsi. Mpunga unapserera pansi, pamwamba uli wauwisi.

"Don Teyo, komatu kwathu ndimaphika bwinobwino!"

"Wa anthu angati, mwanawe?"

"Atatu."

"Ndiye unangowonjezera madzi ndi moto basi? Mphika ukakula, kutentha kumabisala pakati. Thanki ikadzakuchita zimenezi, denga tidzakalitola kutali uko, ku tauni ya Arecibo."

Mpunga wopsererawo tinkaudya ndife, poti mkuluyo sankalola chakudya kutayidwa. Ine Migdalia, wotsegula mipope, ndinatafuna nkhoko za akatswiri onse a pafakitalepo, mano angawa ndi mboni.

Nanga kuchedwa kwake! Asidi ankamuthira ngati akudontheza mankhwala m'diso la khanda. Bwana wina wochokera ku likulu atawalozera wotchi, iwo anangomukokera mpando.

"Khalani pansi, abwana. Thanki ilibe ndege yoti ikwere madzulo ano."

Kuseka kunachepa chaka chimene eni kampani anatumiza mankhwala atsopano a mtima, amene anali asanavomerezedwe. Anatiuza mosapsatira kuti akakanika kupangika m'thanki yaikulu, fakitale itsekedwa. M'kabotolo ankatuluka oyera mbee, koma m'thanki linkatuluka phala lakuda lonunkha matayala. Don Teyo anaonda mpaka buluku kumavuka. Sitinkawafunsa kanthu tikakumana pageti, koma ankadziwa kuti ana athu onse ali pamsana pawo.

Njira anaipeza. Tsiku limene ufa unatuluka woyera, azimayi tinavina ndi majombo omwe. Ndipo poti uphunzitsi unali m'magazi, anailongosola njirayo momveka bwino, moti ngakhale ine ndikanaitsatira.

Apo m'pamene anatipha osadziwa. Eni kampani ataona kuti aliyense angaitsatire, anaitengera kudziko lina kumene antchito ndi otchipa. Don Teyo yemweyo ndi amene anatumidwa kukaphunzitsa anthu akumeneko.

Atabwerako ndinawapeza pakhonde pawo, khofi atazizira m'kapu.

"Migdalia, ndikanabisako pang'ono."

"Simukanatha, Don Teyo."

"Eya," anatero, akuyang'ana pansi. "Sindikanatha."

Chaka sichinathe, tinawaika. Kumaliroko palibe amene anawanena zoipa, koma kuwatamanda mokweza nakonso kunatikanika.

Lero geti lili ndi unyolo, ndipo udzu wamera pamene tinkaimika magalimoto. Yaritza anapita ku Orlando, amuna anga akugulitsa mapeyala pamsewu. Mankhwala aja anavomerezedwa, amabwera pasitima yapamadzi kuchokera kutali, ndipo mayi anga amamwa m'mawa uliwonse. Mtima wawo ukugunda bwinobwino. Ndikamawatsegulira botolo, sindidziwa ngati ndiwathokoze Don Teyo kapena ndiwakwiyire. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndawasowa.