Dzala Lathu Lapeza Mwini Wake

Kwa Olemekezeka Bwana Wapampando wa Khonsolo ya tawuni yathu,

Bwana, ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire kuti munthu wamba ngati ine ndikudetsa tebulo lanu ndi kalata. Ndine wometa uja wa mumzere wa mashopu oyang'anizana ndi siteji ya mabasi, amene mwezi ndi mwezi mumandipatsa ulemu wogwira mutu wanu. M'tawuni muno ndine ndekha amene ndimakuuzani kuti weramani inu n'kuwerama, choncho anzanga anati kalatayi ndilembe ndine. Sindinabwere kudzadandaula ayi. Ndabwera kudzathokoza, ndipo zothokoza zake zachuluka moti ndaziika m'ndondomeko.

Choyamba, tikuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kwanu pa nkhani ya dzala lija linali pakati pa mashopu athu ndi nyumba za kuseri. Mukulikumbukira, Bwana, ngakhale kuti mukakhala pampando wanga mumatsinzina. Galasi langa linkalionetsa lonse: majumbo, matewera, mabotolo osweka, agalu akufa, ndi ntchentche zonenepa zimene zinkalowa m'shopu ngati nazonso zikufuna kumetedwa. Tinabwera ku ofesi kwanu mpaka alonda anatizolowera. Munatiyankha mokoma kuti malowo sali m'manja mwa khonsolo, alibe mwini, ndipo munthu sasesa pabwalo pamene si pake. Tinabwerera titaphunzira malamulo.

Chachiwiri, tikuthokoza chifukwa cha laimu. Pali anthu amiseche amene amati khonsolo yanu sinachitepo kanthu pa dzala lija. Amenewo ndi abodza, ine ndine mboni. Nthawi iliyonse kukamveka kuti kukubwera alendo ochokera kulikulu, anyamata anu ankafika ndi ndowa ndi burashi n'kupaka laimu miyala yonse yozungulira dzalalo. Zinyalala zinkakhala pakati mwaulemu, zitazunguliridwa ndi miyala yoyera mbee, ngati manda a munthu wolemera. Ndi tawuni iti ina imene imalemekeza zinyalala zake chonchi? Thirakitala yonyamula zinyalala nayonso simunaiiwale. Miyala imene inakhazikidwapo kuseri kwa ofesi yanu imapakidwa laimu chaka ndi chaka, ndipo nkhuku za alonda zimaikira mazira pampando wa dalaivala mwamtendere.

Chachitatu, tikupepesa kuti tinachita zinthu mopupuluma. Amene anatilakwitsa ndi Mayi a mapasa, aja khomo lawo linayang'anizana ndi dzala. Mmodzi mwa mapasa awo anaponda botolo losweka akuthamangitsa mpira, ndipo mpaka lero amayenda chotsimphina. Atabwera naye kuchokera kuchipatala, mayiwo sanalire, sanatukwane munthu. Loweruka m'mawa tinangowaona ali pamwamba pa mulu wa zinyalala, khasu lili m'manja, atamanga mpango kumphuno. Ine ndinatuluka n'kuwauza kuti adikire khonsolo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, “Achimwene, inu dikirani, muli ndi mpando. Ine phazi la mwana winayu ndilibe lapadera.” Manyazi anandigwira, Bwana. Ndinatseka shopu n'kukabwereka fosholo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka lotsatira anabwera aKamoto, owotcherera zitsulo aja, ndi wilibala imene anaipanga okha. Kenako amayi ogulitsa masamba, oyendetsa njinga zonyamula anthu, ngakhale aphunzitsi opuma aja amene msana unawavuta kalekale anabwera kudzatola majumbo ndi kandodo kosongoka. Titakutumizirani uthenga wopempha thirakitala kuti itichotsere mulu, munatitumizira ndowa ya laimu. Sitinaiwale, Bwana, mtima wopatsa umaoneka pa zazing'ono.

Tinafukula zinthu m'menemo zimene sindingazilembe m'kalata yopita kwa munthu wolemekezeka. Matuza anatuluka m'manja, ena anadwala m'mimba, ine makasitomala anandithawa sabata zingapo ati ndikununkha dzala. Koma nthaka inaoneka. Tinadzala kapinga, tinaika maluwa m'matayala akale, aKamoto anawotcherera mabenchi kuchokera ku zitsulo za mabedi otayidwa. Mayi a mapasa anadzala mitengo iwiri pafupi ndi khomo lawo, umodzi wa mwana aliyense, ndipo chilimwe chonse ankasenza madzi pamutu kuchokera kumpopi kudzaithirira, mbuzi akuzithamangitsa ndi chitsulo cha bedi. Lero mitengoyo yapitirira denga. Mwana wotsimphina uja amachitira homuweki yake pansi pa mtengo wake, ndipo salola m'bale wake kukhalapo.

Chachinayi, tikuthokoza kuti munabwera kudzatsegulira malowo. Sitinakuitaneni, koma mtsogoleri weniweni sadikira kuitanidwa. Munafika ndi galimoto zitatu, wojambula zithunzi, ndi riboni. Munaiwala sizasi yokha, ndipo munatuma munthu kudzatenga yanga, ija yakuthwa bwino ndimakuchepetserani nayo ndevu. Munalankhula mokoma za masomphenya anu, mpaka ine ndinayamba kukayika ngati matuza aja anali m'manja mwanga kapena mwanu. Pachithunzi chimene chapachikidwa mu ofesi yanu mwagwira fosholo mozondotsa, koma zimenezo ndi zazing'ono. Mayi a mapasa sakuoneka, chifukwa anyamata anu anawapempha kuti asunthe, zovala zawo zinali zakuda ndi dothi.

Chachisanu, ndipo apa ndiye pagona kuthokoza kwathu konse, tikuthokoza kuti malo aja apeza mwini. Zaka zonse zija anali amasiye. Ntchentche zitachoka, mwadzidzidzi mapu apezeka, ndipo akuonetsa kuti malowo ndi a khonsolo kuyambira kalekale. Sabata yatha kunabwera anthu ndi tepi yoyezera, n'kukhoma zikhomo m'makona onse. Chimodzi anachikhoma pakati pa maluwa, china patsinde penipeni pa mtengo wa mwana uja. Pambuyo pawo panali mlamu wanu, manja m'thumba, akuloza uku ndi uku ndi kiyi wa galimoto. Akuti pamenepo pakhala malo ake otsukirapo magalimoto, ndipo mitengo ichoke chifukwa masamba amadetsa magalimoto otsukidwa kale. Ndi zoona, Bwana, masamba ndi uve woopsa. Matewera aja sankadetsa kanthu.

Mlamu wanu ndi munthu wamwayi. Ena amalima, ena amakolola, ndipo Mulungu anagawa ntchito mwanzeru. Ndikungodabwa kuti nthawi yonse imene pamalopo pankanunkha, iye ankadutsa atakweza magalasi a galimoto, osadziwa kuti akudutsa chuma chake. Tsiku la zikhomolo Mayi a mapasa anangoima pakhomo, ndowa ili m'manja. Anafunsa funso limodzi lokha: “Nanga pamene mwana wanga ankatuluka magazi apa, eni akewo anali kuti?” Atachoka anthu aja, anathirira mtengowo monga mwa masiku onse, madzi ena n'kugwera pachikhomo chanu. Ine zinandiwawa, Bwana, ndipo zikundiwawabe.

Mwina mungakonde kudziwanso zipatso za phunziro limene mwatipatsa. Tinapangana kuti Loweruka lapitali tikatape ngalande ija yatsekeka kuseri kwa sukulu, mvula isanayambe. Ndinafika ndi fosholo, ndinapeza aKamoto okha atakhala pawilibala yawo. Ena onse anatumiza mawu ofanana: tikatapa ngalandeyo, mwina ipezeka kuti ndi ya apongozi a Bwana. Mwakwanitsa chimene dzala linalephera. Fungo silinatithe mphamvu, koma zikhomo zanu zinayi zatha manja a tawuni yonse.

Tsono ndili ndi mapempho ochepa, ndipo ndikuwapereka nditagwada.

Loyamba, mutiuziretu abale anu amene sanapezebe malo, ndi mtundu wa bizinesi imene akufuna. M'tawuni muno madzala akadalipo ambiri. Tikadziwiratu, tizisesa molingana ndi zofuna za mwini wake, osataya nthawi kudzala mitengo imene idzamuvutitse kudula.

Lachiwiri, ngati mlamu wanu akufunadi malo ake, chilungamo n'chakuti awalandire mmene analili pamene anali ake. Zinyalala zija tikudziwa kumene tinakazitaya, ndipo wilibala ya aKamoto ikadali yolimba. Inu mungotithandiza laimu.

Lomaliza ndi laling'ono kwambiri. Tsiku lodula mitengo ija musatume anyamata. Munabwera nokha kudzadula riboni, bweraninso nokha mudzadule mtengo woyamba. Nkhwangwa tikubwerekani, monga tinakubwerekerani sizasi ija simunabwezebe. Mwana uja tidzamuuza asunthe mabuku ake, adzaime pambali ndi mayi ake, pamene wojambula wanu angawaone bwino. Chimene ndikupempha ine n'chimodzi: pampando wanga mwakhala mukutsinzina zaka zonsezi, ndipo sindinadandaulepo. Tsiku limenelo lokha, Bwana, mudzayang'ane.

Ndine wantchito wanu wosayenera, amene lumo lake limadutsa pakhosi panu mwezi ndi mwezi mwaulemu wonse,

Wometa wa pa siteji