Kadontho Kamodzi, a Mulipa!

Lolemba

Bokosi la tizipangizo toyezera malungo lafika pakiliniki yanga ya m'mudzi. Lina lidzabwera galimoto ikadzapeza mafuta, ndiye kuti Mulungu yekha akudziwa. Tizipangizoti tikatha, mankhwala sindingapereke osayeza, wodwala aliyense azikwera njinga mpaka ku Boma. Cholinga cha sabata ino: osawononga ngakhale kamodzi.

Ndamata malamulo pakhoma:
1. Magazi kadontho kamodzi, kongodzaza kotapira.
2. Timadzi ta m'kabotolo madontho awiri. AWIRI!
3. Osang'amba paketi wodwala asanakhale pampando.

Ndikufotokozera a Mulipa, apampando a komiti ya zaumoyo amene amandigwirira kabotolo, kuti kapepala ka m'kati mwa kachipangizo kamamwa pang'onopang'ono. Ukakathira zambiri kamakhuta, pawindo poonera zotsatira ponse pamafiira, mizere osaoneka. Akuti amva. Bambo ogulitsa nandolo zaka zonsezi, miyeso sangaiphonye.

Lachiwiri

Ndangotembenuka kufuna thonje, mayi wina akufinya chala cha mwana wake pakabowo ka kachipangizo ngati akukama ng'ombe. Akuti m'kamagazi kochepa kanga kaja malungo angakwanemo bwanji? Pawindo psuu! Amayi anayi atengera nzeru yomweyo. Mutu wanga!

Lachitatu

Magazi ndikutapa ndekha, bwinobwino. Koma zotsatira zikungotuluka zosokonekera. Ndikuwayang'anitsitsa a Mulipa. Dontho, dontho, kenaka kachitatu mwakachetechete.

Ndikufunsa. Akuti: "Limenelo ndi basela, adokotala. Munthu wayenda kuchokera kuphiri, timupatse awiri enieni ngati tayambana naye?"

Basela! Pa magazi!

Lachinayi

Chiperoni kuyambira m'mawa, phiri silikuoneka, ngakhale machesi akukana kuyaka. Ndikufika mochedwa chifukwa cha matope. Ndikupeza a Mulipa ang'amba mapaketi asanu ndi limodzi, ayala tizipangizo pabenchi mwadongosolo, akuti anthu asadikire. Tamwa chinyezi tonse. Kutaya.

Timatumba toyamwa chinyezi tam'mapaketimo asunga m'thumba la malaya, akuti akaika mu mbewu ya nandolo. Ndakwiya, koma munthu wamkulu ngati ameneyu ungamukalipire bwanji? Ndangoti zikomo.

Lachisanu

Phunziro kwa onse. Zida: buledi mmodzi, kapu ya tiyi. Ndikuviika chidutswa pang'ono, chikulimba. Ndikumiza china, chikuphwasukira m'kapu. Mwaona? Kapepala kaja nakonso n'chimodzimodzi!

Onse akugwedeza mitu. Buledi watha, sindinalaweko.

A Mulipa akutseka msonkhano ndi mawu akuti buledi wophwasukayo ndiye wokoma. Kuwomba m'manja. Pachitsime nkhani ili ponseponse yakuti adokotala atsopanowa ndi omana, ngakhale madzi amachita kuwerenga madontho. Masana tizipangizo tina titatu taonongeka.

Loweruka

Tatsala tiwiri. Kwabwera kamtsikana kotentha thupi ngati mbaula. Ndawatuma a Mulipa kukatunga madzi, amayi ake ndawauza apinde manja kumbuyo. Kadontho kamodzi, madontho awiri. Mizere iwiri yooneka bwino, malungo, mankhwala ndapereka. Ntchito yokongola chonchi popanda mboni!

Kotsalako ndakabisa m'chitini cha shuga. Msana ukuwawa. Mwina ndi mkwiyo chabe.

Lamulungu

Si mkwiyo. Kuzizidwa, mutu, m'kamwa kuwawa. Kutchalitchi sindipita.

Ndatulutsa kachipangizo komaliza. Ndadzibaya chala, koma ndi kuzizidwaku kotapira kandipulumuka, kagwa pansi. Ndikuti ndingodonthezera kamodzi pakabowo, ine ndi katswiri. Tho. Tho. Tho. Kabotolo nako ndakafinya ngati ndili nako chifukwa.

Pawindo psuu, kuposa pa mayi wa Lachiwiri uja.

A Mulipa atulukira atavala jekete la kutchalitchi, akuti anaona sindinabwere. Ayang'ana kachipangizo, ayang'ana pepala la pakhoma, ayang'ana ine. Ati: "Kadontho kamodzi, adokotala. Ine basela langa silinafikepo pamenepa."

Akupopa matayala a njinga panjapo, amanga kale pilo pakaliyala. Ku Boma ndi maola awiri, ndipo akuti ulendo wobwerera sandiwerengera, ndi basela.

Ndikufuna nsapato.