Nambala imene tinagawa m'milu ya nsomba

Amene afuna kuseka aseke tsopano, chifukwa ndikamaliza asowa poyambira. Ine ndinagawapo nambala yaitali kuposa msewu wa ku Lusaka, ndi manja omwewa.

Makompyuta a dziko lonse amathandizana kusaka nambala zosagawika, zija zokana kulowa m'milu yofanana. Iliyonse ikayesa kugawa nambala yake imatumiza chotsala, kenako ya munthu wina wosamudziwa imabwereza, ndipo zotsalazo ziyenera kufanana. Laputopu yakale ya achimwene anga inali m'gululo. Mu Okutobala, kuno ku Feira kutatentha mpaka nkhuku kumaikira mazira ophikaphika, uthenga unafika: chotsala changa chasiyana ndi cha mnzanga wobwereza wa kutsidya la nyanja. Achimwene anati ngati yonama ndi yathu, akaigulitsa pa Boma.

Ndinathamangira kwa azakhali anga, ogulitsa nsomba zouma pa doko. Sanafunse n'komwe kuti laputopu n'chiyani. Anangoti nsomba saziwerenga munthu mmodzi: wogula ndi wogulitsa amafulatirana, aliyense aunjika yekha, kenako aonetsana zotsala.

Mukumva? Azakhali anaimba mluzu kamodzi, mabwato anatuluka ku Zumbo ndi ku Mphuka atadzaza nsomba mpaka mthunzi wa mulu unaphimba Mozambiki, amayi a tsidya lino ndi a tsidya lija anafulatirana Zambezi ali pakati n'kuyamba kugawa nambala ija m'milu, mvuu zikutsamira milu kuti mphepo isamwaze, nsomba zitatha tinabwereka mchenga wa Luangwa, mchenga utatha tinapululira mapira a m'minda, ndipo mtsinje weniweniwo unaima nji kuti mkokomo wake usasokoneze azakhali, amene ankagawa ndi dzanja limodzi, lina akuthamangitsa ntchentche. Ndikulumbira, ndinalipo.

Titatembenuka, zotsala za magombe onse awiri zinafanana, ndipo zinagwirizana ndi za mnzanga uja. Yonama inali yathu. Achimwene anatambasula dzanja kuti atenge laputopuyo, koma azakhali anayamba ndi iwo kuigwira, n'kuiyesa pa tsaya ngati mwana wodwala.

"Iwe, chinthu chatentha mutu, ndiye ukagulitse? Kachiike pa mtsuko."

Tinaikhazika pa mtsuko wa madzi wokutidwa ndi saka lonyowa. Inabwereza ntchito yonse, chotsala chinatuluka chimodzimodzi ndi cha azakhali. Mpaka lero ili pamtsukopo, sinanamenso.

Simukundikhulupirira? Mwachita bwino, pa ntchitoyi sitikhulupirira munthu mmodzi. Mchenga uja tinaubweza. Pitani mukabwereze nokha.