Zikomo Potiuza Kuti Alamu Anga Ndi Osangalala

Kwa Mkulu wa Bungwe la Mitima Pansi,
Ndola.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada, ngakhale simukundiona. Ndine munthu wamba wa ku Ndeke kuno ku Kitwe. Ku yunivesite ndinapondako, koma luso loyeza chisoni cha munthu ndi kompyuta sanatiphunzitse, ndiye ndati ndithokoze eni luso.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lipoti lanu la umoyo wa maganizo pa nthawi ino ya Korona. Mwati makina anu anawerenga zimene timalemba pa Fesibuku, n'kupeza kuti uthenga umene unasangalatsa anthu koposa mu Kitwe monse ndi wa a Wilfred Miti. Pabanja pathu tanyadira zedi. A Wilfred ndi alamu anga, ndipo uthengawo unali wolengeza imfa ya akazi awo, mlongo wanga Rosemary.

Chachiwiri, musawakalipire makinawo. Tinkhope toseka pansi pa uthengawo tinalipodi mbwee. Kungoti makinawo sanakulire kuno. Ife a kummawa kwa dziko lino tikaferedwa, Abemba amabwera kudzachita chimbuya, mwambo wathu wonyogodolana: amatithira ufa kumutu, amati malemu atsamwidwa ndi mbewa, ife n'kuwabwezera za anyani amene iwo amadya, mpaka wofedwa aseke misozi ili m'masaya, alaweko ndi kachakudya komwe. Tsono chaka chino malamulo anatiletsa kusonkhana pa maliro. A Collins, Mubemba amene anakalambira limodzi ndi alamu mumgodi, anasowa mutu wothira ufa, ndiye anathira nthabwala zawo pa foni, anzawo n'kutsatira. Kumeneko kunali kulira, Bwana. Inu munamva phwando.

Chachitatu, timauthenga tanu ta m'mawa timatipeza. Koposa kaja kakuti tizipuma mpweya mozama. Mukanakatumiza msanga, poti mpweyawo ndi umene unamusowa Rosemary.

Chachinayi, nambala yanu ya ovutika maganizo ndinaiimba. Nyimbo yake ndi yokoma, ndikuyamikireni. Mayi wina amaidukiza n'kundiuza kuti foni yanga ndi yofunika kwambiri, kenako nyimbo ija n'kuyambiranso. Ndinamvera mpaka batire inatha. Pano ndimatha kuiimba ndekha posamba.

Koma chimene chandigwetsa mphwayi ndi nzeru za kumapeto kwa lipoti, pomwe mwati amene asiya kulemba zodandaula ndiye kuti achira. Ngati ndi choncho, alamu anga achira kotheratu. Chiikireni maliro sanalembepo kanthu. Foni sayankha. Makatani ngotseka usana wonse, ndipo chitenje chimene Rosemary anayanika asanapite kuchipatala chikadali pachingwe, dzuwa lachisulutsa. Mkazi wanga Lenia amasiya chakudya pakhomo, amene amadya ndi galu wa aneba. Galuyo wanenepa, ubweya wake ukuwala. Mu lipoti lotsatira muikemo iyeyo, poti mu Ndeke muno ndiye zikumuyendera.

Tsopano pempho langa, ndipo ndaombera m'manja. Tamva kuti pa msonkhano wanu wa ku hotela mukufuna kuwapatsa alamu satifiketi ya Kazembe wa Chimwemwe. Kumeneko safika, Bwana, ngakhale pakhonde satuluka. Bwerani nayo nokha. Ndola ndi Kitwe si kutali, galimoto muli nayo, masiki mumagawa ndinu. Mutengeko munthu mmodzi wophunzira za maganizo, wa makutu awiri, wosafuna kutchajidwa. Ife tikagogoda satsegula, amachita manyazi. Mwina akamva kuti pabwera bwana adzatsegula, poti anthu a mumgodi anazolowera kuimirira akaona tayi.

Akatsegula, muwafunse m'mene alili. Adzayankha kuti ali bwino, monga timayankhira tonse kuno. Chonde, Bwana, yankho limenelo musadzalilembe. Mudzapemphe mpando.

Ine wanu wachimwemwe, monga mwa lipoti lanu,

Clive Sakala
Ndeke, Kitwe