Botolo Limene Ndinatsuka

Anzanga, zimene ndinalota usiku wathawu, sekani ngati mukufuna, koma ine mtima ukuwawabe.

Ndinali mu labu yathu ija, ndikuyesanso njira yanga yatsopano yolumikizira kaboni ndi kaboni popanda mankhwala odula aja. Paja mukudziwa kuti inatheka kamodzi kokha, ndipo digiri yanga yonse yatsamira pa kamodzi kameneko. Ndiye ndikuthira, ndikutakasa, ndikutenthetsa, koma m'botolo munkangotuluka zakuda ngati phula.

Mwadzidzidzi botolo linatsokomola.

"Iwe Nagama," linatero, "tsiku lija zinatheka chifukwa ndinali ndi litsiro. Wina anasiya kenakake pansi pangapa. Unanditsukiranji?"

"Kanali chiyani?"

"Kafunse sinki."

Ndiye ine, munthu wamkulu ndi nzeru zanga, ndinagwadira sinki. Inangogeya, n'kunena kuti zonse inapatsira paipi. Ndinalowa m'paipimo chokwawa, mpaka ndinatulukira m'chipinda cha mayeso nditanyowa thupi lonse.

Kutsogolo kunali a Pulofesa Gwaza, ondiyang'anira pa kafukufukuyu. Ndikuwapatsa moni, mwadzidzidzi taye yawo inasanduka lilime, iwo n'kukhala bilimankhwe. Diso lina linali pa ine, lina likusirira ntchito ya wophunzira wina.

"Bwana, ndithandizeni."

"Mwana wanga, chinthu chosabwerezeka si sayansi, ndi mwayi," anatero, n'kusintha mtundu kufanana ndi khoma. Sindinawaonenso.

Woyesa mayeso wochokera kunja anali mvuu yovala magalasi. Inayasamula n'kuti, "Tachitaninso pano tione."

Ndiye ndinathira. Maatomu awiri a kaboni anatuluka m'botolo atavala ngati mkwati ndi mkwatibwi. Ndinawapempha kuti, "Chonde, gwiranani manja, lero lokha."

"Ankhoswe athu munawakokolola ndi madzi," anatero mkwatibwi. "Bambowa ine sindiwadziwa."

Anafulatirana, n'kuda bii.

Pakhomo panaima mayi anga, atanyamula chitenje chimene akusungira tsiku lolandira digiri. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangochipinda bwinobwino n'kufunsa mvuu njira yopita kudepoti. Ndinafuna kuwaitana koma m'kamwa munadzaza phula, ndiye ndinangolira ngati mwana.

Ndinadzidzimuka ndi hutala ya minibasi panja, kondakitala akukuwa zoitana anthu. Ndinakhala pabedi ndikudziuza kuti anali maloto chabe. Za bilimankhwe ndi mvuu, inde. Koma botolo lija, anzanga, ndinalitsukadi.