Anankhoma Akwera Sitima

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo mundilole ndimalize musanaseke. Makamaka inu a Mwatibu, ndimakudziwani.

Ndiyambe ndi ichi kuti mumve bwino. Mdzukulu wanga Sungeni, uja anaphunzira zojambula ku Zomba, anawajambula agogo ake Anankhoma kutatsala miyezi isanu kuti atisiye. Kafilimu kakafupi, mphindi khumi ndi zinayi, kofotokoza moyo wawo wogulitsa zitumbuwa pa mawindo a sitima. Tsono mwanayu wakhala kwathu sabata yathunthu, akuti akufuna kukaika pa intaneti kuti anthu azilipira pang'ono n'kumaonera, akunja omwe. Akuti chatsala ndi chala changa papepala, poti inenso ndikuonekamo, ndikuwaza nkhuni cha kumbuyo. Ine ndinakana. Ndimakumbuka tepi ya ukwati wa Maliseni, mwana wathu woyamba. Mudzi wonse unabwereka, pobwera nayo munali mchenga wokhawokha, mkwatibwi osaoneka nkhope. Chinthu chikaonedwa kwambiri chimasuluka. N'chifukwa chake ine mkazi wanga ndimawaonera pa foni Lamulungu lokha, kamodzi, kenako foni ija m'thumba la pilo. Sungeni anandiuza kuti za masiku ano sizisuluka, ine ndinati ogulitsa matepi ankateronso. Basi anangoti m'mawa mwake abwerera ku Lilongwe.

Ndiye m'malotomo ndasenza lichero la Anankhoma. M'licheromo muli foni ija yokha, koma kulemera ngati thumba la simenti, ikutuluka nthunzi ndi fungo la nthochi zokazinga. Lichero likundinena kuti ndikuyenda ngati wa chimfine cha m'mawondo, sitima sidikira munthu. Foni nayo ikudandaula kuti m'pilo muja mumanunkha thukuta langa, sabata yonse osaona dzuwa. Ndinaziuza zonse ziwiri kuti zikhale chete, ine ndi wamkulu.

Mwadzidzidzi ndili pa siteshoni yathu, osati mmene ilili lero ndi udzu wofika m'chiuno, koma yakale ija, yopaka laimu, mtengo wa mbawa uli pomwepo, amayi andanda pamthunzi ndi mabeseni awo. Chodabwitsa, njanji ikudutsa m'khitchini mwathu, pakati pa mafuwa ndi mtsuko, koma palibe akuona chachilendo.

Pa windo la matikiti pali bwana wa tayi. Anandifunsa kuti katundu wanga ndi wautali bwanji. Ndinati mphindi khumi ndi zinayi. Anapukusa mutu, akuti anthu a masiku ano amayang'ana chinthu kupuma katatu basi, akapanda kuseka kapena kulira apita. Akuti tidule poyamba paja mayi akusonkha moto, tidule paja akutsokomola, tiyambire pamene akulira. Ndinamuuza kuti mkazi wanga salira m'menemo. Iye akuti vuto lake ndi limenelo. Akulankhula choncho kolala yake ikukula, mphuno ikutalika, ndiye ndangoona ndi khwangwala, waima pa chidindo, akujompha mphindi zija imodziimodzi ngati chimanga. Ndinalanda lichero langa.

Ndiye wina wonenepa wa jekete anandikokera pambali, kuseri kwa thanki ya madzi. Ati iye agula zonse lero lomwe, mkazi, mawu ake, lichero, ndi ine wa nkhuni kumbuyo ndemwe, mpaka muyaya, ndipo ndikafuna kuwaona Lamulungu ndizikagogoda kwa iye. Wanditambasulira pepala lalitali ngati mkeka. Ndisanayankhe wayamba kulitafuna yekha cha kumunsi, ndevu zatuluka, nyanga zatuluka, ndi tonde, ndi fungo lake lomwe. Apo Sungeni watulukira mu mtsuko, zovala zouma bwinobwino, sizasi m'manja. Anamuuza tondeyo kuti agogo sagulitsidwa ndi lichero lomwe. Iye angonyema kachidutswa kolawitsa kaulere, wofuna chathunthu alipire pa windo. Lichero pamutu panga likuti mwanayu ndi magazi athu enieni, Anankhoma ankateronso, kunyema chitumbuwa chimodzi n'kulawitsa bogi yonse.

Mwadzidzidzi sitima yalira kumtsinje, yafika. Koma mawindo ake onse ndi mafoni, ndipo m'katimo simukuoneka nkhope, zala zazikulu zokhazokha zili panja, zikukankhira m'mwamba chilichonse chaima pafupi. Wa nzimbe wakankhidwa, waulukira kumitambo ndi nzimbe zake. Wa mazira chimodzimodzi. Kwaya yonse ya kutchalitchi kwathu, ili pakati pa nyimbo, m'mwamba.

Ndiye ndikumva kumutu kwapepuka. Kuyang'ana, lichero alisenza ndi Anankhoma eni ake, ali atsikana, atavala chirundu chija cha maluwa achikasu, mpata wa mano uja uli pomwepo. Akuthamanga m'mbali mwa sitima, phazi losavala, akuitana monga kale, zamotoo, zamotoo. Zala zija zatembenukira kwa iwo. Ine mantha. Ndinavula jekete n'kuthamanga pambuyo pawo, ndikuwaphimba kumutu kuti maso a anthu asawamalize.

Anaima.

"Bambo a Maliseni, chotsani chijekete chanuchi. Mukundithawitsira anthu."

"Musuluka, mayi. Mwanditsalira pang'ono pokha."

Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikabwera ndi nsomba yoola kumsika. Anati zaka makumi anayi akhala akuonedwa ndi bogi iliyonse yochokera ku Limbe, asilikali, ana asukulu, a ku Joni ndi masutikesi awo, nanga anasuluka pati? Akuti chikuwatopetsa ndi pilo, n'kutentha kwa mwezi uno.

"Inuyo munandiona nthawi yaitali bwanji musanatsike?"

Anzanga, nkhani iyi simuidziwa, mumangoti ndine wakuno. Ine ndinali pa ulendo wa ku Salima kukayamba ntchito ya thonje, sitima inangoima kumwa madzi. Ndinaona mtsikana pa windo akunditambasulira chitumbuwa, kupuma katatu sikunakwane, ndatsika. Chikwama changa chinapitirira chokha ku Salima, ndi malaya awiri ndi kalata ya ntchito m'katimo. Mpaka lero sindinachitsate.

Khwangwala uja ali padenga akuti mwaonatu, si ndimanena. Ndinamugenda ndi chigubu, chigubu chikuti pepani bwana, andituma.

Ndiye Anankhoma ananditsina pamkono, n'kunena motsitsa mawu kuti moyo wawo wonse anathamanga m'mbali mwa sitima imeneyi, koma sanakwerepo olo kamodzi. Zoona. Chaka chilichonse ndinkawauza kuti tikakolola tipita ku Limbe mukaone magetsi a m'misewu. Tinakolola kangati, a Mwatibu? Anankhoma ananditambasulira tikiti yosalemba kopita, pali malo a chala pokha. Inki panalibe. Ndinaviika chala m'mafuta a zitumbuwa n'kudinda.

Anakwera ngati munthu wozolowera, osagwira n'chitsulo chomwe. Ndiye ndikuwaona pa windo loyamba, lachiwiri, lachitatu, mawindo onse mpaka kumchira, aliyense ndi mpata wake wa mano, wosuluka palibe. Zala zija zasiya kukankha. Zina zikuponya timakobidi m'lichero, zambiri zangoima duu. Mayi wina m'katimo akulira m'chilankhulo chachilendo, koma ine ndikumva zonse, akuti amayi akenso ankagulitsa pa siteshoni kwawo, mazira owiritsa.

Ndinafunsa kuti abwera liti. Onse anayankha pamodzi, mawindo onsewo, kuti ndisaiwale kutsekera nkhuku. Sitima yayamba kuyenda, kudutsa pa mafuwa, kutulukira pakhomo la khitchini, ine ndaima ndi jekete m'manja. Ikulira khrr, n'kuima, khrr, n'kuimanso.

Kutsegula maso, kunja kwayera. Khrr uja ndi zipi ya chikwama cha Sungeni kuchipinda kwinako, yakana kutseka, mwana akulimbana nayo pang'onopang'ono kuti asandidzutse. Ndinakhala kaye chigonere ndikumvetsera. Kenako ndinamuitana kuti abwere ndi kandulo tipake zipiyo, abwerenso ndi pepala lake lija.