Kwa Nduna Yomwe Nkhope Yake Imatidyetsa

Highfields, Leicester
Seputembala 2018

Olemekezeka Nduna ya Zamalamulo,
Chilumba cha Marovela.

Bwana Nduna,

Ndagwada pansi, ngakhale maondo anga sakufuna. Ine ndine Christabel Kachere, mayi wa ku Ndirande wokhala kuno ku Mangalande. Simundidziwa, koma ine nkhope yanu ndimaidziwa kuposa ya malemu amuna anga, chifukwa ndine ndimasoka m'mphepete mwa nsalu zanu za chipani pa kafakitale ka a Rafik. Ndalemba m'Chichewa ndikudziwa kuti simuchimva. Sizikuvutani, poti malamulo a zipani zonse zomwe mwalowamo simunawawerengeponso.

Choyamba, kuthokoza. A Rafik, omwe anakulira ku Limbe, ndi amene anauza msuweni wawo wochita malonda pachilumba panupo kuti kwathu wandale sakhala wandale mpaka amayi atamuvala m'chiuno. Nzeruyo munaikonda. Tinakudindani pansalu yobiriwira. Utoto usanaume, munalowa chipani chachikasu. Tinakudindaninso. Kenako chofiira, kenako chabuluu, kenako munabwerera kobiriwira kuja mukulira kuti kwanu ndi komweko, ndipo ife tinavina m'fakitale mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma. Mukasamuka inu, aphungu anzanu amakulondolani ngati anapiye, aliyense kufuna nsalu yakeyake. Nduna ina ikanataya nthawi ndi kumanga chipatala. Inu mwaonetsetsa kuti mashini athu asazizire, kuno kutsidya kwa nyanja.

Chachiwiri, musadandaule za nsalu zomwe mumazithawa zisanatumizidwe. A Rafik amatigawira. Pamaliro a mayi wina wakutchalitchi kwathu ku Loughborough, amayi tonse tinamanga zitenje monga mwa mwambo, ndipo titagwada kuti tipepese, m'chipinda monse munali inu nokhanokha, mitundu yonse, mukumwetulira kumbuyo kwa aliyense. Anamfedwa anaseka mpaka kuiwala chomwe amalirira. Abusa anafunsa ngati amayi anu anabereka mapasa kangapo. Nduna zambiri zimafa zisanatonthozepo anthu chotere.

Chachitatu ndiye dandaulo. Tamva kuti mwaitanitsa riferendamu yosintha malamulo a dziko, yoti phungu akachoka m'chipani chomwe anasankhidwira, mpando wake uzithera pomwepo. Inuyo, bwana? Nditamva ndinagwetsa sizasi. Ena akuti mwaganiza zimenezi chifukwa pano muli m'boma ndipo mukufuna kukhoma chitseko chomwe munalowera. Ine ndawatsutsa, ndati mwangotopa ndi kusinthasintha malaya. Koma taganizirani za ine. A Rafik anena poyera kuti lamuloli likadutsa maoda atha, fakitale atseka. Ndiye kuti ndizikwera basi ya shifiti kusanache kukanyamula makatoni ku Corby, ndi maondo omwewa, ndipo mwana wanga Chiku azituluka m'kalasi popanda womudikira pageti. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Mtima unakhalako pansi sabata yatha. Ofesi yanu inatumiza oda ya nsalu zolembedwa INDE, nkhope yanu ili pakati. Tisanamalize n'komwe, mlamu wanu anaimba foni monong'ona kufuna zolembedwa AYI, nkhope yomweyo, zoti tizisunge kaye mpaka zioneke komwe mphepo ikulowera. Bwana, ndinaimba nthungululu! Jubeda, mnzanga wodinda nsalu, anachita kundigwira kuti ndisagwere mu utoto. Tonse tinati munthu wathu uja adakalipo. Chinsinsichi tachisunga bwino, ndangouza amayi akutchalitchi basi.

Pomaliza, kapempho kanga. Akuti anthu a pachilumbapo atopa ndi kuvotera munthu m'mawa, madzulo n'kumupeza akuvina kwa adani. Mwina adzavota kuti inde, ndipo sindingawadzudzule ngakhale akundichotsa ntchito. Koma ine ndimakhulupirira inu. Sindinamvepo kuti lamulo lomwe munalemba nokha linakukolani mwendo. Choncho chonde musatichititse manyazi poyamba kukhulupirika kuukalamba kuno. Akavota, muwathokoze, mulumbire mutagwira Baibulo, kenako muwapusitsenso kamodzi kokha chisanu chisanafike, makamaka polowa chipani chomwe utoto wake tili nawo kale. Anthu anu adzalira, koma anazolowera. Chiku ndiye sanazolowere kuima yekha pageti.

Ine wanu wodalira kusakhazikika kwanu,

Christabel Kachere